Zidole za Babylon 5 zinapita kuti, kapena tatsala ife tokha?

Nkhwazi_Leeds
Abale anga, ndili ndi dandaulo. Mwana wanga wamwamuna akukwanitsa zaka 11 mwezi wamawa. Chiyambireni Januwale takhala tikuonera limodzi Babylon 5, sewero la pa TV la ku America lonena za siteshoni ya m'mlengalenga, Loweruka lililonse madzulo, ndipo pano tili mkati mwa sizoni yachitatu. Mnyamatayu mtima wake wonse uli pa Starfury, kandege kankhondo ka mapiko anayi kaja, moti wandipempha kuti pa tsiku lake lobadwa ndimugulire chidole chake. Ndazungulira mashopu a zidole muno mu Leeds, ndafika ndi ku Manchester komwe. Mashelefu ndi odzaza ndi Star Wars ndi Marvel, apo ndi apo Doctor Who ndi Star Trek. Za Babylon 5 ngakhale kapu yomwera tiyi, palibe. Mnyamata wogulitsa mu shopu ina ya makomiki anachita kundipempha kuti ndimulembere dzinalo papepala, sanalimvepo chibadwire. Pa eBay zakale zilipo, koma mitengo yake ndi ya anthu osunga zinthu m'kabati yagalasi, osati ya bambo wofuna chidole choti mwana azithamanga nacho panja. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti tsiku lomwelo ndinapeza bokosi la ma DVD a sizoni yoyamba mu shopu ya kaunjika pa mapaundi 2, lili pansi penipeni, fumbi lokhalokha. Kodi chinachitika n'chiyani? Sewero limene linapata mphoto ya Hugo, ya nkhani zopeka za sayansi, kawiri, mu 1996 ndi 1997, lingazimirire chonchi?

Tsabola
Linatha mu 1998 achimwene. Mwana wobadwa chaka chimenecho pano ali pabanja. Mumafuna shopu isungire ndani?

Nkhwazi_Leeds
Star Trek yoyamba inatha mu 1969, koma zombo zake zikugulitsidwabe. Ukalamba wokha si yankho.

MphunzitsiWakale
A Nkhwazi akunena zoona, ukalamba wokha si yankho. Ndiloleni ndifotokoze mmene ndikuionera, chifukwa nkhaniyi ndaitsatira kwa nthawi yaitali.

Choyamba tisaiwale kuti katundu analipo. M'zaka za m'ma 1990 kampani ya Galoob inkapanga tizombo ting'onoting'ono ta Micro Machines ta Babylon 5. Revell-Monogram inatulutsa Starfury ya pulasitiki yolumikiza wekha ndi guluu, komanso siteshoni yeniyeniyo. Kunali masewera a makadi a kampani ya Precedence kuyambira 1997, kunali mabuku a Dell kenako a Del Rey, makomiki a DC, ndi magazini yakeyake. Zonsezi zinkadalira chilolezo chochokera kwa Warner Bros., amene ndi eni ake seweroli. Chilolezo chimakhala cha zaka zowerengeka. Chikatha, wopanga zidole amakhala pansi n'kuwerengera: kodi ndilipirenso ndalama pa chinthu chimene sichikuonekanso pa TV? Makadi a Precedence anathera mu 2001. Masewera a pakompyuta amene Sierra inkapanga anaimitsidwa mu 1999 asanatuluke n'komwe. Mongoose Publishing ya ku Britain inayesako kuyambira 2003 ndi mabuku a masewera ndi tizombo tapatebulo, patapita zaka zingapo nayonso inasiya.

Kusiyana kwake ndi Star Trek n'kwakuti kwa Paramount, Star Trek ndi ng'ombe yamkaka ya m'khola. Ikadwala amaithamangira. Kwa Warner, amene ali ndi Batman, Superman ndi Harry Potter, Babylon 5 ndi kambuzi kamene kanabwera ndi mlendo. Sakakupha, koma sakudzukira usiku kukakaona.

Chitedze88
Madala mwafotokoza bwino koma mlandu wonse mwaupereka kwa kampani. Mwini nkhaniyo, J. Michael Straczynski, sankafuna kuti sewero lake lisanduke msika. Mwaiwala gawo lija la mu sizoni yachiwiri pamene anatsegula shopu yogulitsa zidole pa siteshoni pomwepo? Londo, kazembe wa zolengedwa za kudziko lina, anakwiya ndi chidole chake, ndipo pamapeto Sheridan, mkulu wa siteshoniyo, anataya kachimbalangondo kansalu kunja m'mlengalenga. Gawo lonse lija linali kuseka malonda a mtundu umenewu. Ndiye munthu amene ankanyoza msika, lero tidabwe kuti msika unamuiwala?

MphunzitsiWakale
Gawolo ndikulikumbuka, analemba ndi Peter David. Koma kuseka malonda pa gawo limodzi si kukana malonda. Zidole zimene ndatchulazi zinatuluka iye alipo ndipo akuyang'anira. Chimene ankakana n'chakuti nkhani izipindidwa pofuna kugulitsa chidole.

AnaBanda67
Ine ndilowe ndi mbali ina. Ndinaonera seweroli pa Channel 4 ndili pasukulu ya unamwino ku Britain m'zaka za m'ma 1990. Tinali atsikana atatu m'nyumba, awiri a ku Malawi, mmodzi wa ku Ghana, ndipo tinkajambula pa tepi ya vidiyo tikakhala pa shifiti. Chimene chinandigwira ine si zombo ayi. Ndi nkhani ya Nightwatch, anthu ovala kansalu kakuda pamkono, opatsidwa kandalama kuti azinena anzawo amene alankhula zosakomera boma la Clark, pulezidenti wa dziko lapansi m'seweroli. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tinkadziwa bwino kuti munthu amatsitsa mawu bwanji akamalankhula m'basi. Riferendamu ya 1993 inali isanazizire n'komwe. Mnzanga uja analira pamene Zack Allan, wachitetezo wa pa siteshoni, ankavutika mumtima kuti atuluke kapena akhalebe m'gulu lija, chifukwa anali ndi mchimwene wake amene anadutsa njira yofanana.

Ndiye funso langa kwa a Nkhwazi ndi ili: zinthu ngati zimenezi mungazipange bwanji chidole? Star Wars ndi lupanga lowala, mwana waliona kamodzi walifuna. Babylon 5 mtima wake ndi amuna awiri okalamba, G'Kar ndi Londo, wina wa mtundu wolamulidwa wina wa mtundu wa atsamunda, odana mpaka kufa koma omangidwa chingwe chimodzi. Zimenezo sizikhala pa shelefu.

Nkhwazi_Leeds
Achemwali, mawu anuwa andikhudza, ndipo sindikutsutsa. Koma mwana wa zaka 11 salowera khomo la G'Kar ndi Londo. Amalowera khomo la kandege. Zinazo adzazimva akamakula, ngati mmene inenso ndikuzimvera mwatsopano pano. Khomo la ana likatsekedwa, m'nyumbamo mumatsala okalamba okhaokha.

AnaBanda67
Apo mwanena. Ndavomera.

MwanaWaNdirande
Inu a kunja mukudandaula zidole, ife kuno ngakhale seweroli sitinalione pa nthawi yake. TVM inayamba mu 1999, Babylon 5 itatha kale. Ine ndinalipeza cha m'ma 2009 pa kompyuta ya msuweni wanga amene ankaphunzira ku Poly, ndipo linali losakwana, sizoni yachinayi inalibe magawo atatu. Ndinakhala zaka ndisakudziwa kuti nkhondo ya ma Shadow, adani akuluakulu a m'seweroli, inatha bwanji. Mu vidiyo sho za kwathu kuno simukanalipeza. Kumeneko anthu amafuna zibakera ndi mfuti, filimu ithe lero lomwelo. Ndani akanalipira khomo maulendo 110?

Tsabola
110 ndi magawo onse?

MwanaWaNdirande
Eya, masizoni asanu, lililonse magawo 22. Kupatula mafilimu ake apadera.

Namadzi_Joni
Mwatchula vidiyo sho mwandikumbutsa kutali. Kwathu inali ya chisakasa cha mapepala akuda, benchi ya thabwa limodzi, jenereta ikulira kuseri. Tinkatolera mabotolo kuti tipeze ya khomo. Masiku ano anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja akanalitenga seweroli bwenzi litadziwika mpaka ku Nsanje. Tangoganizani Londo akulankhula Chichewa cha ku Lilongwe.

MwanaWaNdirande
Omasulirawo amatenga za ku Korea, za ku India ndi za ku Philippines zamagawo ambirimbiri, ndipo amayi amazitsatira osaphonya. Ndiye kutalika si vuto monga ndimaganizira. Mwina vuto ndi nkhope zopakapaka zija. Mayi anga ataona G'Kar, ndi nkhope yake yonga ya buluzi ija, anati ndizimitse, za mizimu sizionetsedwa m'nyumba mwawo.

Namadzi_Joni
Agogo anga akanatero ndithu. Komatu akanamumva akulankhula za dziko lake lolandidwa, akanakhala pansi.

Kachere
Tabwererani ku funso la a Nkhwazi abale. Ine ndikuti chimene chinapha chidwi ndi maonekedwe. Ndinayesa kuonetsa mkazi wanga ma DVD aja, anapirira magawo awiri basi. Zombo zikaoneka, chithunzi chimachita mbuu ngati wapaka mafuta pagalasi. Munthu wozolowera za masiku ano sangapirire.

Chitedze88
Chifukwa chake chilipo. Babylon 5 inali m'gulu la masewero oyambirira kupanga zombo zonse pakompyuta m'malo mojambula zidole zenizeni. Kampani ya Foundation Imaging inayamba ntchitoyi ndi makompyuta a Amiga. Anthu ankajambulidwa pa filimu yotambalala, koma za pakompyutazo zinapangidwa pa muyeso wa TV zakale zija za bokosi. Potulutsa ma DVD kuyambira 2002 anafuna kuti chithunzi chidzaze TV yotambalala, ndiye anadula pamwamba ndi pansi pa zombozo n'kuzikoka. Mbuu amene mukunenayo ndi ameneyo. Mu 2021 anatulutsa zokonzedwanso pa HBO Max, zobwezeretsedwa pa muyeso wakale, ndipo Blu-ray yake inatuluka kumapeto kwa 2023. Yesaninso ndi imeneyo, alamu athu mwina asintha maganizo.

Kachere
Yokonzedwayo ndinaiona. Nkhope za anthu zikuoneka bwino zedi, koma zombo ndi zomwe zija za 1994. Sanazipangenso.

Chitedze88
Sanazipangenso inde, ndalama yake ndi yambiri. Koma taonani kuti kwa zaka pafupifupi 20 aliyense wofuna kulidziwa seweroli ankakumana ndi chithunzi choipa kuposa chimene a AnaBanda ankaona pa Channel 4. M'badwo wathunthu unadutsa pamenepo.

Gomani_wa_Zomba
Pali chinthu chimene palibe watchula, mwina chifukwa n'chowawa. Anthu ake anatha. Richard Biggs, dokotala Franklin, anamwalira mu 2004 ali ndi zaka 44 zokha. Andreas Katsulas, G'Kar wathu, 2006. Jeff Conaway, Zack Allan, 2011. Michael O'Hare, Sinclair, mkulu woyamba wa siteshoni, 2012. Jerry Doyle, Garibaldi, 2016. Stephen Furst, Vir, 2017. Mira Furlan, Delenn, Januwale 2021. Masewero akale amakhala ndi moyo chifukwa cha misonkhano ya mafanzi, kumene osewera amabwera, kusaina zithunzi, kunena nthabwala zakale, ndipo ogulitsa ma T-shirt ndi zidole amayala katundu pakhomo. Pamsonkhano wa Babylon 5 mipando yambiri ya kutsogolo ndi yopanda anthu. Straczynski yemwe ananena kuti G'Kar sadzamupatsa munthu wina m'nkhani yoyambirirayo. Ndiye kupitiriza nkhani ndi anthu omwe aja kunakanika kalekale.

Ine nkhani ya O'Hare imandikhudza mwapadera. Anthu kwa zaka zambiri ankanena kuti anachotsedwa pambuyo pa sizoni yoyamba chifukwa sankatha kusewera. Zoona zake zinadziwika mu 2013, iye atamwalira: ankadwala matenda a maganizo, ndipo anapirira mpaka sizoni ithe kuti anzake ntchito isawathere. Straczynski anasunga chinsinsicho zaka zonsezo monga anamulonjezera. Ndili ndi m'bale wanga wodwala chimodzimodzi, ndipo ndimadziwa mmene anthu amafulumirira kuweruza.

AnaBanda67
Pepani a Gomani. Mulungu akulimbitseni pamodzi ndi m'bale wanuyo. Za O'Hare ndinazimva mochedwa, ndipo nditabwereza sizoni yoyamba ndinamuona ndi maso ena.

Tsabola
Pepani akulu. Koma ine ndibwerere pa mfundo yanga. Nkhani inakonzedwa kuti ikhale ya zaka zisanu, chiyambi, pakati ndi mathero. Inatha bwinobwino. Bwanji osaisiya igone? Si chilichonse chiyenera kukhala ndi zidole mpaka muyaya.

MphunzitsiWakale
A Tsabola, apa mwakhudza penipeni, ngakhale ine ndikufika pa ganizo losiyana ndi lanu. Chimene chinapangitsa seweroli kukhala lapamwamba ndi chomwecho chimene chinalipha pamsika. Munthu mmodzi, Straczynski, analemba magawo 92 mwa 110, akudziwa kumene akupita kuyambira tsiku loyamba. Chinthu chimene mwachiona mu sizoni yoyamba chimadzamveka tanthauzo lake mu yachitatu. Pa nthawi imeneyo masewero ambiri a ku America sankatero, gawo lililonse linkaima palokha. Koma zotsatira zake n'zakuti sungalowe pakati. Star Trek ukhoza kuipeza pa TV usiku uliwonse, gawo lililonse, n'kusangalala. Babylon 5 ukaipeza pa gawo la 60 uli ngati munthu wofika pamaliro tsiku loika, sukudziwa wolira ndani, wachibale ndani. Mawayilesi a kanema obwereza zakale sakonda zotero.

Ndipo zoyesa kupitiriza zinalephera motsatizana. Crusade ya 1999 inafa ndi magawo 13 chifukwa cha kusamvana ndi wayilesi ya kanema ya TNT, inaimitsidwa isanayambe n'kuonetsedwa komwe. Ya ma Ranger, gulu la ankhondo a m'seweroli, ya 2002 inathera pa filimu imodzi. The Lost Tales ya 2007 inatuluka DVD imodzi yokha ya ndalama zochepa. Wopanga zidole akaona mndandanda woterewu amabweza chikwama chake m'thumba.

Pamene ndikusiyana nanu ndi apa: kugona kwa nkhani ndi kwina, kuiwalika ndi kwina. Nthano ya agogo inatha kalekale, koma timainenabe kwa adzukulu.

Namadzi_Joni
Nanga zija ankati ayambiranso mwatsopano zinathera pati? Ndinaziona pa Facebook kalekale.

Chitedze88
Analengeza mu Seputembala 2021 kuti wayilesi ya kanema ya CW ipanga yatsopano, wolemba yemwe uja. Chaka chotsatira CW inagulidwa ndi Nexstar, eni atsopanowo n'kudula masewero ambiri olembedwa. Sinajambulidwe. Chimene chinatuluka ndi filimu ya makatuni, The Road Home, mu Ogasiti 2023, momwe Bruce Boxleitner, Claudia Christian, Peter Jurasik ndi ena otsala anabwerera kudzapereka mawu.

Kachere
Ndinaionera. Inapangidwira ife akale, yodzaza ndi zokumbutsana. Munthu watsopano sangatolepo kanthu.

Gomani_wa_Zomba
Ine ndinagwetsa misozi nditangomva mawu a Londo. Mwina n'zoona kuti inali yathu yokha, koma ndinaithokoza.

Mlendo_Mzuzu
Ndakhala ndikungowerenga, ndiyankhepo pa za malonda chifukwa ndimagulitsa zidole ndi zikwama za ana a sukulu mumsika. Katundu amene timaoda ku Dar es Salaam ndi wa zimene ana akuonera lero: Spider-Man, Frozen, Paw Patrol. Chaka chino ichi, chaka chamawa china. Ngakhale mu belo la kaunjika, T-shirt ya Star Wars imatuluka pafupifupi belo lililonse la ana. Ya Babylon 5 ndinaipezapo kamodzi kokha pa zaka zonse zimene ndakhala pa ntchitoyi, yakuda, yolembedwa nambala 5 pa chishango, ndipo ndinaisunga ndekha. Kaunjika ndi kalilole wa zimene azungu anagula zaka zisanu kapena khumi zapitazo. Ngati m'belo mulibe, ndiye kuti kwawoko anasiya kugula kalekale.

Komanso musaganize kuti za masewero otchuka zikuyenda bwino kwambiri. Eaglemoss, imene inkapanga tizombo ta Star Trek tambirimbiri, inagwa mu 2022. Ana a masiku ano chidole chawo ndi foni. Ogula tizombo ndi abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo amenewo akagula kamodzi agula.

Nkhwazi_Leeds
Achimwene a ku Mzuzu, T-shirt imeneyo musaigulitse. Koma mwandiwawitsa mtima ndi mawu akuti kalilole. Ndiye kuti bokosi lija la mapaundi 2 mwina ulendo wake wotsatira ndi wa m'belo.

Tsabola
Munaligula kapena munalisiya?

Nkhwazi_Leeds
Ndinaligula, ngakhale ndili nalo kale lina. Sindikanatha kulisiya pansi paja. Ngati alipo kumudzi amene akulifuna anene, ndidzapatsira munthu wobwera mu Disembala.

MwanaWaNdirande
Ine pano! Chonde akulu. Pleya ya DVD ndili nayo, magetsi akakhalapo tizionera ndi ana a mlongo wanga.

AnaBanda67
Yachiwiri ndi yachitatu ndili nazo ine, zangokhala m'katoni chisamukireni. A Nkhwazi ndikutumizirani ku Leeds muphatikize. Koma a MwanaWaNdirande, anawo muwachenjeze kuti sizoni yoyamba imayenda pang'onopang'ono. Apirire mpaka munthu wotchedwa Morden atafika ndi funso lake lija loti "Ukufuna chiyani?", akadutsa pamenepo sadzafunanso kugona.

Kachere
Zabwino zonsezi, koma mwana wa a Nkhwazi chidole chake sichinapezekebe.

Chitedze88
Njira ilipo ya makina osindikiza zinthu za pulasitiki aja a 3D. Mafanzi anajambula okha Starfury ndipo mapulani ake amagawana pa intaneti. Ku Britain malaibulale ena ndi masukulu ali nawo makinawo. Mukasindikiza, mupente limodzi ndi mwanayo.

Namadzi_Joni
Kapena njira yakwathu. Ife tinakula osagula chidole ngakhale chimodzi. Galimoto zathu zinali za mawaya, matayala a zitsekerero za mabotolo, chiwongolero chachitali cha bango. Tinkapanga mpaka ndege ndi helikopita yozungulira mapiko. Starfury ndi yosavuta kuposa Land Rover: mitanda iwiri yopingasa, injini zinayi kunsonga, kanyumba ka woyendetsa pakati. Kuno ku Joni anyamata a ku Zimbabwe ndi akwathu amene amagulitsa zinyama za mawaya ndi mikanda m'mphepete mwa msewu akhoza kuipanga tsiku limodzi mutawaonetsa chithunzi.

Nkhwazi_Leeds
A Namadzi, mwandikumbutsa chinthu chimene manja anga anachiiwala. Ndili mwana ku Chilomoni ndinali katswiri wa galimoto za mawaya, anzanga ankandipatsa mbatata kuti ndiwapindire ma shoko. Mwana wangayu sanandionepo ndikupinda waya. Mawa ndikagula waya ndi pulayala pobwera kuntchito, tikapangire limodzi pa tebulo la kukhitchini. Za 3D ndiyesanso a Chitedze, koma ndiyamba ndi iyi. Funso limodzi: injini zinayi zija ndipangire chiyani kuti zioneke zonenepa bwino? Kuno zitsekerero zambiri ndi za pulasitiki.

Namadzi_Joni
Mabatire akutha aja ang'onoang'ono ayi, mwana angawalume. Tengani mapaipi a mabolopeni akutha, mudule kanayi mofanana, mukulunge ndi waya wopyapyala wa kopa. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa injini iliyonse musiye timawaya totuluka ngati timapiko tija. Waya wa thupi ukhale wokhuthala, apo ayi mapiko azigwa akamathamanga nayo.

Mlendo_Mzuzu
Ikatha mujambule tione. Ikaoneka bwino ndimuonetsa mnyamata wina kuno amene amapanga njinga za mawaya, andipangire yanga yoika pa benchi.

MwanaWaNdirande
A Nkhwazi, wobwera mu Disembalayo atsikira ku Chileka kapena ku Lilongwe? Ngati ndi ku Lilongwe ndili ndi mlamu wanga ku Area 25 angakalandire.